Mng'ono wanga akasiya nyaope amadwala ngati wa malungo, chimachitika n'chiyani?

Telala wa ku Fordsburg:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga ndinamuitanitsa ndine kuchokera ku Mangochi kuti tizisokera limodzi makatani kuno ku Joni. Chaka chatha anayamba kusuta nyaope, mankhwala ozunguza bongo amene amawasakaniza ndi chamba. Ndinatulukira simbi yanga yositira itasowa, kenako mapoto awiri. Sabata yatha analira n'kulonjeza kuti wasiya, ine n'kumutsekera m'chipinda. Zimene ndinaona sindinagone nazo tulo: thukuta kamukamu uku akunjenjemera, mamina chuchuchu, kuyasamula kosalekeza, kutsekula m'mimba, atadzipinda pasimenti manja ali pamchombo. Tsiku lachitatu anathawira pawindo. Amayi kumudzi akuti wina wamulodza chifukwa cha tindalama timene timatumiza. Ine ndimati ndi makhalidwe oipa basi, koma munthu angadzitulutse dala thukuta lotero?

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Pepani achimwene. Sakunamizira ayi. Chimene chimagwira munthu mu nyaope ndi heroin, chamba chija n'chongosakanizira. Pa maselo a ubongo pali timalo totchedwa ma receptor, tokhala ngati pamene timalowetsa chaja pa foni: sichilichonse chimene chimalowapo. Mu 1973, Solomon Snyder ndi wophunzira wake Candace Pert, ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, anaonetsa kuti ubongo uli ndi timalo timene morphine, mankhwala ochepetsa ululu, ndi abale ake monga heroin amakamatirapo. Anthu anadabwa: thupi lingakonzerenji malo mankhwala ochokera ku duwa la poppy? Yankho linabwera mu 1975, pamene John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen anapeza mu ubongo wa nkhumba timankhwala tathupi lomwe, ma enkephalin, tolowa pomwepo n'kuchepetsa ululu. Ndiye kuti heroin ndi mlendo wolanda mpando wa mwini nyumba.

Tsono akamalowapo tsiku ndi tsiku, selo limatopa naye. Robert Lefkowitz wa ku yunivesite ya Duke anafufuza zaka zambiri mmene ma receptor a mtundu umenewu amazimitsidwira: akagogodedwa mopyola muyeso, puloteni ina yotchedwa arrestin imawamata, ena selo limawakokera m'kati. Iye ndi Brian Kobilka analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2012. N'chimodzi mwa zifukwa zimene ndudu imodzi imasiyira kukwana. Nawo maselo otulutsa noradrenaline (timankhwala todzidzimutsa thupi), amene heroin amawapondereza, amazolowera kukankha mwamphamvu. Mukachotsa heroin mwadzidzidzi amathamanga opanda mabuleki. Thukuta lija ndi kunjenjemera zimachokera pamenepo. Za m'mimbazo, matumbonso ali ndi ma receptor omwewa. Ngakhale Imodium amene timagula ku famase amaletsa kutsekula pogwira pomwepo.

Anamwino a ku Rosettenville:
Mwana wasukuluyu wafotokoza bwino, koma ine ndinene za ku wodi. Bambo, musamutsekerenso. Munthu wotsekula ndi kusanza masiku awiri opanda womuyang'anira madzi amamuthera m'thupi. Ndipo choopsa kwambiri chimene mabanja sachidziwa ndi ichi: akakhala sabata kapena mwezi osasuta, thupi limaiwala kuzolowera kuja. Akabwerera n'kutenga mlingo wake wakale, mpweya umatha kuima, chifukwa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma nayo ili ndi timalo tomweto. Mukadzamupeza sakudzuka, akupuma patalipatali, milomo yada, mwanadiso wachepa ngati kansonga ka singano yanu yosokera, itanani ambulansi pomwepo. Pali jakisoni wa naloxone amene amakankha heroin pa receptor, munthu n'kutsitsimuka m'mphindi zochepa.

Pitani naye kukiliniki kapena ku SANCA, bungwe lothandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mukafunse za mankhwala a methadone. Amakhala pa receptor yomweyo koma modekha, tsiku lonse, ndiye chibaba chimagona ndipo munthu amatha kugwira ntchito. Amamwa moyang'aniridwa ndi dokotala, osati wogula pamsewu. Amayi musakangane nawo pafoni. Auzeni apitirize kupemphera, inu kuno muzipita kuchipatala.

Wophunzira wa ku Braamfontein:
Zoona amayi. Naloxone yemweyo ndi amene Pert anagwiritsa ntchito popeza receptor ija, atamuika chizindikiro cha radiation kuti aone pamene wamatirira. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mphoto ya Lasker ya 1978, ya ofufuza zachipatala, inapita kwa Snyder, Hughes ndi Kosterlitz, Pert, mayi amene anagwira ntchito ndi manja ake, n'kumusiya panja.

Telala wa ku Fordsburg:
Zikomo nonse. Za mlingo wakalezo zandiopsa, chifukwa ndimaganiza zomukweza basi ku Park Station akakhale kumudzi miyezi itatu kenako abwerenso. Wabwera m'mawa uno, wadya nsima pang'ono, wagona pansi pa tebulo lodulira nsalu. Lolemba nditseka shopu tipite limodzi. Anamwino, kodi kumeneko akafuna pasipoti? Yake masiku anatha kalekale.