Mafulayi anga akumira ngati mwala, ndikulakwitsa pati?

Woperekeza_Likhubula:
Abale, ndigawireni nzeru. Ine ndimaperekeza alendo m'phiri, timanyamukira pa Likhubula. Chaka chatha mzungu wina amene ndinayenda naye ku Chambe mpaka ku Lichenya anandisiyira ndodo yake yowedzera, chingwe chonenepa chija, ndi kabokosi ka mafulayi 11. Amene simunaionepo, fulayi ndi mbedza yovekedwa nthenga ndi ulusi kuti nsomba iziyesa kachirombo kogwera m'madzi. Nyongolotsi palibe, nsima palibe. Kuponya ndinaphunzirira pabwalo la mpira ana akundiseka, paja fulayi ndi yopepuka ngati udzu, chimene chimaitengera kutali ndi kulemera kwa chingwecho. Lero mafulayi aja atsala awiri. Ena ali m'nthambi za mitengo, ena anapita ndi nsomba.

Ndiye ndayamba kumanga ndekha. Nthenga ndinazula pa thadzi limene tinaphera alamu, ulusi ndinatenga m'kachitini ka mayi akunyumba, mbedza ndi zapamsika pa Chitakale. M'manja amaoneka bwino ndithu. Koma akangogwa pamadzi, chubwi! Ndikaponya kasanu ulusi wamasuka, nthenga zayoyoka, yatsala mbedza yambulanda. Ndikulakwitsa pati?

Mnyamata_wa_Luchenza:
Achimwene, nyongolotsi zatha kodi ku Mulanjeko? Inu kukhalira kusoka madiresi a mbedza, anzanu tikukazinga mlamba. Tiuzeni mukayamba kuziveka nsapato.

Madala_a_ku_Thyolo:
Musiyeni mwanayo, ya mlamba ndi nkhani ina. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri panyumba ya bwana wina pa esiteti ya tiyi, ndipo madzulo ndinkamugwirira nyali akumanga zimenezi, mpaka manja anga anazolowera.

Cholakwa choyamba ndi thadzilo. Nthenga ya thadzi ndi yofewa, imamwa madzi ngati thonje. Fulayi yoyandama imafuna nthenga ya m'khosi mwa tambala, tambala wamkulu ndithu, wa lipombo lake. Muipinde nthengayo pachala muone: timitsitsi take tiziima patokhapatokha, tonyezimira, tolimba ngati burashi. Mukaizungulitsa pakhosi pa mbedza maulendo anayi kapena asanu, timitsitsi timeneto ndi timene timaponda pamwamba pamadzi ngati miyendo ya udzudzu. Kumunsi kwa nthenga kumene kuli bweyabweya kuja muzisadzule, n'kosathandiza.

Mbedza zapamsikazo nazonso n'zonenepa waya, anazipangira nyambo. Funani zopyapyala, nambala 12 kapena 14. Paja nambala ikamakwera mbedza imachepa. Mukasowa, zanuzo musataye, mangirani mafulayi omira. Nthenga za thadzi zimene mukudandaula nazozo ndiye kwawo kumeneko, chifukwa pansi pamadzi zimagwedera ngati chamoyo. Ya nkhanga, yamawangamawanga ija, imachita bwino koposa. Ndipotu nsomba zimadya kwambiri pansi kusiyana ndi pamwamba. Tembenuzani mwala mumtsinje muone tizirombo takuda tomamatira pansi pake. Mngelezi wina, Frank Sawyer, ankatsanzira timeneto ndi zinthu ziwiri zokha, nthenga ya kumchira kwa mbalame yakwawo ndi kawaya ka kopa. Ife kawayako tinkakasomola m'mawailesi akufa.

Za trout ndinene pang'ono. Si nsomba yakuno, anabwera nayo azungu nthawi ya atsamunda n'kuiika m'madzi ozizira a ku Zomba, ku Nyika ndi m'phiri lanulo. Kumunsi kotentha siikhala. Mukafuna kukaponya pamwambapo mufunse kaye a zankhalango pa Likhubula za chilolezo. Koma musadikire trout. Makumba a m'madamu amadya fulayi, matemba nawonso, bola ikhale yaing'ono.

Telala_wa_pa_Limbuli:
Bambo, za nsomba sindidziwa, koma za ulusi ndiye kwathu. Ngati munatenga wathonje, umamwa madzi. Pemphani wa poliyesitala, wopyapyala, umene timasokera pamakina. Muupake kandulo musanayambe kuti usamaterere. Ndipo poyamba muzikulunga ulusi pa mbedza yokhayokha kaye, mzere wonse, kenako nthenga pamwamba. Nsalu sitiisokera pamphepo. Pomaliza mfundo zitatu, n'kudonthezapo Cutex wosaoneka mtundu uja. Mayi akunyumbawo muwagulire wina, musawabere kawiri.

Madala_a_ku_Thyolo:
Amayiwa anena zoona, za kandulo ndinaiwala. Chinanso, mbedza musamaigwire ndi zala pomanga. Ipanitseni ndi pulayala, zogwirira zake muzimange ndi mphira wa legeni, n'kuikhomera pathebulo. Manja onse awiri akhale aufulu.

Mvula yoyamba ili pafupi. Tsiku limene ngumbi zidzatuluke mudzapite padamu madzulo, osanyamula ndodo, mudzangokhala pansi n'kuonerera. Ngumbi ikagwa siimira msanga, imatambasula mapiko n'kumazungulira pamalo amodzi. Mudzabwerere mukamange chimene mwaonacho: thupi lofiirira, mapiko awiri a nsonga za nthenga zotuwa, aatali kuposa thupilo. Nyengo ya ziwala mudule kachidutswa ka patapata wakutha, chimenecho ndiye sichimira ngakhale mutachikakamiza.

Woperekeza_Likhubula:
Zikomo madala, zikomo mayi. Ndabweranso. Tambala wa aneba ndinamugwira usiku pachisa, ndinazulako nthenga zisanu ndi imodzi zokha, eni ake atavomera, ngakhale mpaka lero akandiona amathawira kuseri kwa khola. Mwa mafulayi anayi amene ndinamanga, awiri akuoneka ngati anapondedwa ndi njinga. Mmodzi ndinamuponya m'beseni Lachiwiri usiku, ndapeza m'mawa akadali pamwamba.

Loweruka ndinatsikira kumtsinje. Malo amene ndinkaponyapo kale kulibenso, Freddy wa 2023 anadzazamo miyala, ndiye ndinapita padziwe lina kumunsi kwake. Chiperoni chinali chitayamba kuwaza, zala zikuuma. Kuponya kwachitatu, ndinaona kamphete pamadzi, fulayi yasowa. Ndinakoka mofulumira ngati ndikuzula chinangwa, chingwe chaching'ono chakutsogolo n'kuduka. Ulendo wachiwiri ndinangokweza ndodo pang'onopang'ono. Katemba, kutalika ngati chala changa chapakati.

Mnyamata_wa_Luchenza:
Katemba kamodzi, tambala wa eni wameteka mpala. Komabe achimwene, kafulayi ka patapata kaja mungandimangireko kawiri? Padamu lakwathu makumba amabwera pamwamba dzuwa likamalowa, nyongolotsi amangoziyang'ana.