Makanika akavulala pa pit lane, mlandu ndi wa ndani?

Wa ku Mpondasi:
Akuluakulu, kuno ku Mangochi tikamaonera mpikisano wa galimoto wa Formula 1 mkangano wake sutha. Galimoto ikapweteka makanika pa pit lane, njira ya pambali yomwe galimoto zimalowa kukasintha matayala, wolakwa ndi dalaivala kapena mabwana a timu?

Makanika wa ku Namwera:
Achimwene, dalaivala musamusenzetse mlandu. Amakhala pansi kwambiri ndipo zochitika pa tayala lakumbuyo saziwona. Maso ake ali pa nyali yomwe ili patsogolo pake, ikayaka yobiriwira amanyamuka basi.

Pagalimoto pamaunjikana anthu pafupifupi 20. Tayala lililonse atatu: womasula ndi kumanga nati ndi makina a mpweya, wochotsa lakale, wolowetsa latsopano. Kenako a jeke, kutsogolo ndi kumbuyo. Nati ndi imodzi yokha pakati pa tayala, ndiye ikapanda kugwira palibe inzake yoipulumutsa. Ntchito yonseyi ndi ya masekondi awiri kapena atatu.

Ku Bahrain mu 2018 nyali inayakira Kimi Räikkönen, dalaivala wa timu ya Ferrari, tayala lakumanzere kumbuyo lisanachotsedwe, makanika wa Ferrari n'kuthyoka mwendo. Chindapusa cha mayuro 50,000 chinagwera timu, osati dalaivala, ndipo n'zoyenera.

Wa ku Monkey Bay:
Ndiwonjezere za liwiro. Malire a liwiro pa pit lane anakhazikitsidwa mu 1994, tayala la galimoto ya Michele Alboreto litaguluka pa pit lane ya ku Imola n'kuvulaza amakanika. Mu 2013 ku Nürburgring tayala la Mark Webber linagunda wojambula, ndipo FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto, inatsitsa malire kuchoka pa 100 kufika pa makilomita 80 pa ola. Ku Monaco ndi 60 chifukwa njira ndi yopanikizika. Dalaivala ali ndi batani loletsa galimoto kupyola malirewo. Akachedwa kulidina, kapena akapitirira pa zizindikiro zoimapo n'kugunda wa jeke, apo mlandu ndi wake ndithu.

Makanika wa ku Namwera:
Zoona akulu, koma zotsalazo ndi za atsogoleri. Payenera kukhala munthu mmodzi amene sagwira tayala konse, ntchito yake kuyang'ana galimoto zobwera m'njira, ndipo ali ndi mphamvu yoletsa nyali kuyaka ngakhale timu itaye malo pampikisano. Bwana akamakalipira munthu ameneyu chifukwa cha theka la sekondi, mawa munthuyo adzatulutsa galimoto mtima usanakhazikike. Izi zimandiwawa, chifukwa wothyoka mwendo ndi uja wagwada pansi.

Wa ku Malindi:
Musaiwale moto womwe unagwira galimoto ya Jos Verstappen ku Hockenheim mu 1994. Mafuta anamwazikira pagalimoto yotentha, ndipo kafukufuku anapeza kuti sefa ya makina othirira mafuta inachotsedwa. Kuchotsa sefa si ganizo la mnyamata wogwira paipi. Kuthira mafuta mkati mwa mpikisano kunaletsedwa kuyambira 2010, komabe zisoti ndi zovala zosagwira moto bwana aziwonetsetsa kuti aliyense wavala galimoto isanalowe.