Mvuu zikundimalizira chimanga ku dimba, ndipange bwanji?

Che_Dimba: Abale ndithandizeni nzeru. Dimba langa lili m'mbali mwa Shire cha kolowera ku Malombe, nde chaka chino mvuu zandipeza, zikumabwera usiku m'mawa ungopeza mapazi ndi ndowe chimanga chagona. Chondidabwitsa nchoti masana onse zimangokhala m'madzi phee, kodi mmenemo zimadyamo nsomba? Nanga kuziletsa kwake nkotani, poti zokagona ku dimba ine ayi mantha.

Msodzi_wa_ku_Malombe: Za nsombazo iwalani achimwene, zikanamadya chambo bwenzi ife titasiya kale usodzi kkkk. Mvuu chakudya chake ndi udzu ndipo imadyera kumtunda usiku, m'madzimo imangobisalira dzuwa. Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi njira. Ili ndi njira yake imene imatulukira nkubwereranso momwemo tsiku ndi tsiku, mukayang'ana pagombe muiona yopondeka bwino. Ikadzidzimuka imathamangira kumadzi kudzera momwemo, nde inu mukapezeka pakati pa iyo ndi madzi basi zanu zada. Musanyengeke ndi kunenepako, simungaipose liwiro.

Aphunzitsi_Mponda: Msodzi wanena zoona. Usiku umodzi imodzi yokha imatha kudya udzu wokwana makilogalamu 40, ndiye tangowerengerani zikabwera zinayi pa dimba lanulo. Yamphongo imalemera kupitirira makilogalamu 1,500 koma pamtunda imathamanga mpaka makilomita 30 pa ola. Khungu lake limauma nkung'aluka likakhalitsa padzuwa nchifukwa chake masana sichoka m'madzi, ndipo zofiira zimatuluka pathupi zija anthu amati ikutuluka magazi si magazi ayi, ndi madzi oiteteza ku dzuwa ndi tizilombo. China chimene ana a sukulu amanditsutsa nthawi zonse, mvuu sisambira kwenikweni, imayenda pansi pa mtsinje nkumadzikankha ndi miyendo, mpweya imagwira mphindi ngati 5 kenako nkuvuuka. Ndowe mukuzionazo yamphongo imamwaza dala ndi mchira kuti zinzake zidziwe kuti yadutsapo.

Mai_a_Shakira: Ine changa nchoti musapite nokha ndi tochi kuti mukaiopseze, makamaka ikakhala ndi mwana. Mwaiwala za ku Nsanje mu 2023 mvuu itagubuduza bwato pa Shire pompano anthu ambirimbiri nkumira? Chimanga mudzadzala china bambo.

Che_Dimba: Zikomo nonse. Koma nde ndingokhala nkumaonerera? Anzanga akuti titchere msampha tidye nyama.

Msodzi_wa_ku_Malombe: Msampha umenewo ukakufikitsani ku khoti achimwene, ndi nyama yotetezedwa ndi lamulo imeneyo. Komanso mvuu yovulazidwa ndi imene imadzavuta ife pamadzi, imangolusira bwato lililonse. Kumbani ngalande yakuya ndithu, m'mbali mwake moongoka, mbali yoyang'ana kumtsinje, miyendo yake ndi yaifupi sidumpha. Koma mugwirizane ndi eni madimba oyandikana nanu chifukwa mukakumba nokha ingozungulira kudzera kwa neba nkukulowerani kumbuyo. Ndipo musatseke njira yake yopita ku msipu, vuto lathu tikulima mpaka m'mphepete penipeni mwa madzi pomwe zimadyera kale. Ikapitiriza kauzeni amfumu adziwitse a gemu, kuthamangitsa nyama yovuta ndi ntchito yawo.

Mai_a_Shakira: Ngalandeyo muwauzenso ana, angagweremo popita kotunga madzi.