Thandizeni nzeru: Medicaid ya bambo a kunyumba ikufuna kudulidwa, ati ndalama zathu zachuluka

Membala wobisa dzina

Moni nonse apagulu. A admin chonde mundibisire dzina, ku Indiana kuno timadziwana tonse, ndingakapeze nkhani yanga yandidikirira pakhomo la tchalitchi.

Tili anayi m'nyumba: ine, bambo a ana ndi ana awiri. Wamkulu ali ndi zaka 9, anabadwira ku Zomba. Wamng'ono ali ndi zaka 2, anabadwira konkuno. Panopa ndine woyembekezera, kuchira ndi mu March. Bambo anabwera mu 2017 pa DV lottery (maere a green card), anatenga unzika mu 2023. Ine ndi mwana wamkuluyu tinawatsatira mu 2022, tili ndi green card.

Bambowa ali ndi shuga ndi BP. Nthawi yonseyi akhala pa HIP, Medicaid ya akuluakulu kuno ku Indiana (inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya anthu a ndalama zochepa), chifukwa ntchito inali yodukizadukiza, ndipo insulin timangokatenga osaganiza kawiri. Mwezi watha awalemba full time ku fakitale ina ya ma RV (magalimoto okhala ngati nyumba) ku Elkhart, $19 pa ola, maola 40 pa sabata. Ine ndine CNA (wothandizira anamwino), ndimagwira mashifiti awiri pa sabata, maola 16 pa $17. Tinaimba foni kukanena za ntchito yatsopanoyi monga amanenera, ndiye dzana yabwera kalata ya FSSA, ofesi ya Indiana yoona za Medicaid, kuti titumize ma pay stub (timapepala ta malipiro) athu tonse awiri. Mayi amene ndinalankhula naye pa foni anangoti zikuoneka kuti tadutsa malire.

Kudutsa malire kwake kuti abale? Mwezi uliwonse timatumiza $400 kumudzi. Mchemwali wanga anamwalira, anasiya ana atatu, ali ndi mayi anga, fizi ndi chakudya zonse zimayang'ana ife. Kunena zoona banja lathu ndi la anthu 8, osati anayi. Kodi pa fomu sindingawalembe anawa? Nanga ali m'mimbayu amawerengedwa? Mnzanga wina kuntchito akuti tingopanga file msonkho aliyense payekha kuti ndalama zanga zisaoneke kwa bambo. Ine mwini inshuwalansi ndilibe, sikelo ndikuyendera ku kliniki ya community, chifukwa anandiopseza kuti ndikangokhudza Medicaid unzika ndiuiwale. Ndithandizeni, tulo sindikuliona.

NaPhiri, South Bend

Pepani mayi, khazikani mtima pansi kaye, mimba sifuna maganizo otere. Ine ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu kulemba mafomu amenewa, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

Bambo $19 kuchulukitsa maola 40 ndi masabata 52 ndi $39,520 pa chaka. Inu $14,144. Pamodzi $53,664, kutanthauza pafupifupi $4,472 pa mwezi. Amawerenga ndalama zonse asanadule msonkho, osati kaja kamagwa mu akaunti. Mzere wa umphawi umene boma linaika mu 2025 ndi $15,650 kwa munthu mmodzi, ndipo munthu aliyense wowonjezera ndi $5,500. Banja la anayi ndi $32,150. Akuluakulu amalowa HIP ngati sanadutse 138 peresenti ya mzerewo, imene kwa anayi ndi $44,367 pa chaka, pafupifupi $3,697 pa mwezi. Ndiye mayi wa pa foniyo sananame, bambo adutsadi, ndipo adutsa ndi zoposa $700 pa mwezi.

Koma chimene anthu ambiri sadziwa n'choti sayesa nyumba yonse ndi muyeso umodzi. Aliyense ali ndi khomo lake lolowera. Ana amalowera ku Hoosier Healthwise, pulogalamu ya boma ya ana ndi amayi oyembekezera, ndipo malire awo ku Indiana amafika 250 peresenti, zoposa $80,000 kwa banja la anayi. Inu muli kutali nazo. Mwina angakuuzeni kuti muzipereka kangachepe pa mwezi, koma ana sachoka. Amayi oyembekezera nawonso malire awo ndi oposa 200 peresenti, ndipo powerengera inuyo, mwana ali m'mimbayo amawerengedwa ngati munthu, mumakhala asanu. Ndiye kalata ikabwera yonena kuti bambo achotsedwa, musaganize kuti nonse mwathamangitsidwa. Werengani dzina ndi dzina.

Mdzukulu wa Gomani

Mlongo, musavutike ndi masamu onsewo. Alembeni ana a ku Zombawo, mumawadyetsa ndinu. Adzapita ndani kukawerenga mitu kumudzi? Anthu akuchita zimenezi daily.

NaPhiri, South Bend

Achimwene, uphungu umenewo ndi woika munthu m'dzenje. Banja limene Medicaid imawerenga ndi la pa fomu ya msonkho: wolemba msonkho, mkazi kapena mwamuna wake, ndi amene amawalemba kuti ndi ma dependent. Ndipo a IRS, ofesi ya misonkho, salola kulemba m'bale ngati dependent pokhapokha akhale nzika ya America kapena wokhala ku America, Canada kapena Mexico. Mwana wa mchemwali amene ali ku Zomba salowa, ngakhale mutamamugulira chilichonse mpaka sopo. Zimawawa, inenso ndili ndi ana a malume anga awiri ku sekondale, koma lamulo lake ndi limenelo. $400 ija kwa iwo ili ngati mwagula nsapato, sachotsera pa income. Komanso fomu imene ija mumasayina molumbira kuti zonse ndi zoona. Mayiwa akuyembekezera kudzafunsira unzika, mukufuna akafunsidwe za bodza la pa fomu ya boma?

Mdzukulu wa Gomani

Chabwino madam, ndagonja. Koma lamulo limeneli analemba munthu wopanda abale.

Bambo a Chiso

Za kupanga file payekhapayekha musayerekeze. Ife tinayesapo mu 2022 titamvera za m'maluwa zomwezi. Ngati mukukhala nyumba imodzi monga banja, Medicaid imaphatikizabe ndalama zanu, kaya msonkho mwalemba limodzi kaya padera. Ndiye simupindula kanthu, koma mumataya. Okwatirana amene alemba padera sapatsidwa thandizo lija lotsitsa mtengo wa inshuwalansi ya pa Marketplace, msika wa boma wogulirapo inshuwalansi. Tinazindikira mochedwa, mkazi wanga mpaka lero amandikumbutsa tikayambana.

Sisi wa ku Dallas

Inu a ku Indiana muziyamika. Kuno ku Texas boma linakana kukulitsa Medicaid, pamodzi ndi Florida, Georgia, Tennessee ndi ma state ena, onse ndi 10. Munthu wamkulu wopanda mwana, wosalumala, ngakhale asamalandire kalikonse, salowa. Nkhani ya 138 peresenti timangoimvera pa gulu pano. Ndikunena izi kuti wina wa kuno asawerenge masamu a NaPhiri n'kuthamangira ku ofesi, akabwerako manja ali m'khosi.

Achikulire a ku Mishawaka

Mwana wanga, ine ndikhudze za mapepala, poti pamenepo m'pamene pali mantha ako enieni.

Lamulo la 1996 linaika kuti munthu wa green card adikire zaka zisanu asanalowe Medicaid yonse. Lamulolo silinaike kudikiraku pa othawa kwawo ndi amene anapatsidwa asylum, koma ife obwera pa DV kapena oitanidwa ndi mwamuna timadikira. Iwe zako zisanu zikwana mu 2027. Kuchokera mu 2009 ma state anapatsidwa ufulu wochotsa kudikira kumeneku kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo ambiri anachotsa. Ndiye usadziweruze wekha kunyumba. Lemba fomu, unene kuti ndiwe woyembekezera ndi tsiku lochira, iwo akuyankhe ndi kalata. Amayenera kuyankha pasanathe masiku 45, ndipo akakana uli ndi ufulu wochita apilo. Ngakhale atakukana chifukwa cha zaka zisanuzo, pali Medicaid ya emergency imene imalipira kuchira kwenikweniko kwa munthu amene ndalama zake zili m'malire. Usadzachirire m'nyumba poopa bilu.

Za unzika anakunamiza. Nkhani ya public charge, yoona ngati munthu adzadalira thandizo la boma, amaiyang'ana munthu akamafuna visa kapena green card, ndipo iwe green card uli nayo kale. Pofunsira unzika sayesa zimenezo. Chimene chingakugwetse ndi kulandira thandizo mwa bodza. Kungoti ngati uli ndi maganizo okakhala kumudzi miyezi yoposa 6 ukachira, uyambe waonana ndi loya wa za immigration, chifukwa pobwerera angakuyese ngati wolowa mwatsopano.

China, mwana wako wamkuluyo ukumutchula wa green card bwanji? Bambo ake analumbira mu 2023 iye ali ndi zaka zosakwana 18, ali ndi green card, akukhala nawo nyumba imodzi. Mwa lamulo la Child Citizenship Act la 2000, mwanayo anasanduka nzika tsiku lomwelo. Kamutengereni pasipoti ya America, mutenge setifiketi ya unzika ya bambo, ya ukwati, yobadwira ndi green card yake.

Membala wobisa dzina

Amayi, mwandidzidzimutsa! Zaka ziwiri zonsezi ndikusunga mu America m'nyumba osadziwa? Ndawawerengera bambo ake, angoti kakasi. Zikomo kwambiri. Koma nanga iwowo ndi shuga wawoyu titani? Inshuwalansi ya ku fakitale ilipo koma tinaikana polowa ntchito poti tinali ndi HIP, ndipo akuti mpaka chaka chamawa.

Nesi wa usiku

Ayi, sizidikira chaka chamawa. Munthu akachotsedwa pa Medicaid, lamulo limamupatsa masiku 60 oti alowe inshuwalansi ya kuntchito ngakhale nthawi yolembetsa itadutsa. Kalata yowachotsa ikangofika apite nayo ku HR tsiku lomwelo. Musaitaye kalatayo, ndi chiphaso chanu. Afunse mitengo iwiri: wa iwo okha, ndi wa iwo ndi inu. Nthawi zambiri wa munthu mmodzi umakhala wopiririka, umene umapha ndi wa banja lonse. Ngati wa banja uli wokwera kwambiri poyerekeza ndi ndalama zanu, inuyo mukhoza kupeza thandizo pa HealthCare.gov, webusaiti ya Marketplace ija, ngakhale bambo ali pa ya kuntchito, zimenezi anakonza mu 2023. Kulembetsa kumatsegulidwa pa 1 November, ndipo mukalembetsa msanga imayamba pa 1 January, mwana asanabadwe. A green card amaloledwa kumeneko popanda kudikira zaka zisanu.

Ndipo HIP isanatseke, akatenge mankhwala onse amene akuyenera kutenga, akayezetse A1C (mlingo wa shuga m'magazi), maso ndi mapazi. Ndimawaona ku chipatala anthu athu amene anayamba kugawa insulin pawiri kuti ifike kumapeto a mwezi. Amabwera pa ambulansi.

NaPhiri, South Bend

Ndabweranso, ndinali pa shifiti. Pali kanthu kena kovomerezeka kamene ndinaiwala. Ndalama imene mumaika ku 401k, thumba la penshoni la kuntchito, asanadule msonkho siwerengedwa pa income ya Medicaid. Mwana akabadwa mukhala asanu kwa aliyense, bambonso, ndipo malire a asanu pa ziwerengero za 2025 ndi $51,957, pafupifupi $4,330 pa mwezi. Inu muli pa $4,472, kusiyana $142 yokha. Bambo ataika 5 peresenti ku 401k, ndi pafupifupi $165 pa mwezi, mwatsikira pa $4,307. Mwalowa, ndipo ndalamayo ndi yanu yomwe, ikukudikirani ku ukalamba. Onetsetsani kuti ndi 401k ya traditional, osati ya Roth imene mumaika atadula kale msonkho, chifukwa Roth sitsitsa kanthu. Ziwerengero za umphawi amazisintha January aliyense, kawirikawiri zimakwera pang'ono, ndiye mudzawerengenso.

Komanso Medicaid imayang'ana ndalama za mwezi umene mulimo. Mukadzaima ntchito pochira, income yanu idzagwa kufika pa ya bambo yokha, $3,293, ndiye adzalembenso fomu nthawi imeneyo. Medicaid ilibe nyengo, mumalemba mwezi uliwonse. Chosokoneza ndi ovataimu. Ku ma RV kukatentha amagwiritsa anthu mpaka Loweruka, cheke chimodzi chonenepa chimakuponyani kunja. Ngati ma pay stub amene mukutumizawo ali ndi ovataimu ya kamodzi, pemphani kalata kuntchito yonena maola enieni.

Bambo a Chiso

Kungowonjezera, amene amalandira pa masabata awiri aliwonse asamachulukitse cheke kawiri n'kumati ndiye mwezi. Macheke amakhala 26 pa chaka, osati 24. Ine ndinkadziona ngati ndili pansi pa malire, kalata inandiuza zina.

Sisi wa ku Dallas

Ndipo musagone, zinthu zikusintha. Lamulo lija Trump anasayina pa 4 July 2025 likuti pofika January 2027 akuluakulu ambiri a Medicaid yokulitsidwayi azionetsa maola 80 pa mwezi a ntchito, sukulu kapena kudzipereka, ndipo aziwaunika miyezi 6 iliyonse m'malo mwa kamodzi pa chaka. Bambo anuwo maola ali nawo, vuto lidzakhala mapepala. Anthu ambiri amene anachotsedwa mu 2023 ndi 2024, COVID itatha, sanachotsedwe chifukwa cholemera, koma kalata inapita ku adiresi yakale kapena sanabweze fomu. Amalawife timasamuka ngati anapiye a nkhanga, osauza ofesi.

Mayi a mapasa

Ine ndingokulimbikitsani za khandalo. Ngati inu mudzakhale pa Medicaid tsiku lochira, ngakhale ya emergency ija, mwana amalowa yekha mpaka atakwanitsa chaka, kaya ndalama zikwere. Anga anabadwa masabata 33, anakhala ku NICU, chipinda cha makanda odwala, pafupifupi mwezi. Pepala losonyeza mtengo litabwera ndinakhala pansi pa kapeti, koma sitinalipire. Mungoonetsetsa kuti a chipatala anena ku FSSA kuti mwana wabadwa, ndipo inunso muimbe, musadalire iwo okha.

Membala wobisa dzina

Abale, ndabwera kudzanena mmene zayendera. Ma pay stub tatumiza lero pa portal, onse awiri, osabisa kanthu, ndipo ndajambula screen yosonyeza kuti alandira. Fomu yanga ya uyembekezi ndalemba ndi navigator, wothandiza kulemba mafomu wa ku kliniki konkuja, sanandilipiritse, ndipo anandikalipira mwaulemu kuti ndinachedweranji miyezi inayi yonseyi. Bambo apita ku HR, ya iwo okha akuti tingaikwanitse, ya banja ndiye ayi, ndiye ine ndidikira yankho la FSSA, likapanda kubwera bwino ndilowa pa Marketplace mu November. Za 401k akuti amayamba munthu akatha masiku 90 pa ntchito, zikugwirizana ndi nthawi.

Kumudzi ndawaimbira mayi kuwauza kuti mpaka March tizitumiza $300, anangoti bola fizi ya wa Form 4 isaphonye. Funso latsala limodzi: setifiketi yobadwira ya mwana wamkuluyu tinaisiya ku Zomba, kuno tili ndi fotokope yokha. Alipo akuchokera kumudzi mwezi uno kapena wamawa woti angatinyamulire?

Achikulire a ku Mishawaka

Mlamu wako akunyamuka pa Chileka pa 28. Ndilembere ku inbox.