A Malawi ku Harare: chingamu chamata pa kapeti ya madam

NaPhiri: Abale mwaswera bwanji m'gulu muno, ndithandizeni mwachangu chonde. Ana a madam anali ndi anzawo dzulo ndiye wina walavula chingamu pa kapeti ya pa balaza, ndachiona pano ndikusesa ndipo wina anachipondanso chalowa mpaka mkati mwa ulusi. Kapeti yake ndi yoyererako yoti kanthu kakang'ono kamaonekera patali. Madam abwera 5 koloko. Ndithire madzi otentha?

Mai a Tadala: Ayi asisi madzi otentha musayerekeze, chifewa ndiye mukamapukuta chizingofalikira, malo a ndalama imodzi asanduka a chikhatho chonse. Tengani ma ayisi mu filiji muike mu jumbo yosabooka mumange, muike pamwamba pa chingamucho musiye mphindi 10 kapena 15. Chikauma gwa mutenge supuni kapena kampeni kopakira majarini, osati wakuthwa, muzipala pang'onopang'ono kuyambira m'mbali kupita pakati. Chimachoka zidutswa zidutswa ngati nkhoko za mumpoto.

Mai a Tadala: Koma musanagwire chilichonse jambulani chithunzi mutumize kwa madam pa WhatsApp. Mungoti ndapeza izi ndikuyesa kuchotsa ndi ma ayisi. Kuno ntchito za m'nyumba ambiri tilibe pepala lililonse losainirana, kapeti ikaonongeka amangoti ndiwe wapanga, mwezi ukatha upeza achotsa ma dollar pa malipiro.

NaPhiri: Chithunzi ndatumiza. Vuto magetsi kuno ku Mount Pleasant athima kuyambira m'bandakucha, ma ayisi onse mu filiji ndi madzi okhaokha

Chimwemwe: kkkkk ndiye Harare imeneyo

Gift wa car wash: Asisi onani mu deep freezer ija yaikulu, ngati simunaitsegule tsegule zinthu zapansi zimakhala zikadali zouma ngakhale magetsi apite tsiku lonse. Paketi ya nkhuku kapena ya nsawawa zobiriwira zija imagwira ntchito chimodzimodzi, bola muikulunge mu jumbo ziwiri magazi asadonthere pa kapeti. Ngati mulibe thamangani pa msewu mugule ma freezit awiri, timadzi totsekemera toumitsa mu timapulasitiki tija, kwa ma vendor, kapena thumba la ayisi pa garaji yothirira mafuta. Ife ku Msasa ndi zomwe timapanga pa mipando ya ma kombi ana a sukulu akamata.

Ankolo Banda: Freezit ikhale mu jumbo inanso Gift, ija imakhala ndi utoto wofiira kapena wa orange, ikangotuluka kadontho pa kapeti yoyera mwayamba mlandu wina woposa chingamu. Ndifotokoze pang'ono chifukwa chake kuzizira kumagwira, kuti ena asamangoyesa chilichonse. Chingamu cha masiku ano ndi zinthu za mtundu wa labala ndi pulasitiki, shuga ndi kukoma kuja zimathera mkamwa, chomwe munthu amalavula ndi labala yekhayekha. Ameneyu sasungunuka m'madzi, ndiye kaya muthire Surf kaya sopo wa mtanda palibe chichitike, mungonyowetsa kapeti. Akatentha amafewa n'kumatanuka, akazizira amauma n'kumasweka. Basi nkhani yonse ili pamenepo. Ine ndimakolopa ma ofesi m'tauni cha ku Samora Machel Avenue, pansi pa ma desk chingamu ndi cha tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi chonse chimachoka ndi ayisi ndi supuni basi popanda mankhwala.

Ankolo Banda: Chinanso, mukamapala chikayamba kufewanso siyani, bwezerani ma ayisi. Kunja kukutenthaku chimafewa msanga, mubwereza kangapo musatope. Zidutswa muzitola pompopompo muziika pa pepala, mukazisiya pambali zimatanso pena.

Chimwemwe: Ine ndinaona pa TikTok akuti upake chiponde chimachoka fasti

Agogo Nachisale: Mwanawe chiponde ndi cha m'tsitsi. Mdzukulu akagona ndi chingamu mkamwa n'kudzuka chili m'mutu, eya timapaka chiponde kapena mafuta ophikira n'kupesa, kenako kusamba ndi sopo zatha. Koma mutu umautengera ku mpopi, kapeti yomata pansi uitengera kuti? Mafuta aja alowa mpaka pansi, chingamu chichoka inde koma patsala banga la mafuta lomwe lizikoka fumbi, pakatha masabata awiri pada bii.

Chimwemwe: Agogo mwandiphera nzeru yanga kkkk

Mai a Tadala: Agogo akunena zoona. Pa kapeti yakuda ya m'galimoto mwina, osati ya madam ya ku Mount Pleasant

NaPhiri: Ndapeza paketi ya chimanga chouma gwa pansi pa freezer, chambiri chachoka ndithu zikomo. Koma patsala tinthu tomatamata m'kati mwa ulusi, supuni sikutigwira. Mu kabati muli spirit uja wa pepo, ndithire?

Ankolo Banda: Ayi ayi mwanangu, wa pepoyo ayi. Methylated spirit wa m'mashopu kuno amamuthira dala utoto wa pepo kuti anthu asamwe, pa kapeti yoyera utotowo utsala. Wofunika ndi surgical spirit wa ku pharmacy, woyera ngati madzi. Ngati mulibe, sanitizer ija yomwe inatsala nthawi ya Covid imathandiza bola ikhale yopanda mtundu. Apo ayi viniga woyera, osati wa brown, mumutenthetse pang'ono angofunda. Ndipo simuthira pa kapeti mwachindunji, mumanyowetsa kansalu koyera n'kumadinda pamalopo, kudikira pang'ono, kenako kutsina ulusi ndi nsaluyo kukokera m'mwamba. Musakhule uku ndi uku, ulusi umanyanyuka pamalopo n'kumaoneka mosiyana ndi pena ponse mpaka kalekale.

Ankolo Banda: Yambani mwayesa pakona pobisika, kuseri kwa sofa kapena pansi pa kabati ya TV. Dindani, dikirani mphindi 5, onani nsalu yanu. Ikatenga mtundu wa kapeti musapitirize.

Gift wa car wash: Mswachi wakale umathandizanso potokosa totsalirato, mopepuka. Ife timagwiritsanso Q20, spray ija yomasulira mabawuti adzimbiri, imasungunula chingamu bwinobwino

Ankolo Banda: Q20 ndi mafuta Gift, nkhani yake ndi yomweija ya chiponde, kuphatikiza fungo la ku garaji m'nyumba ya anthu. Pa ma mat a labala a m'galimoto zili bho chifukwa mumatsuka ndi paipi. Parafini, petulo ndi thinners ndiye zoipiratu, kapeti zambiri ulusi wake unagwidwa ndi guluu kunsi, zimenezi zikalowa zimadya guluuyo ulusi n'kumazuka wokha. Osanenanso za moto, magetsi akathima anthu amayatsa makandulo m'chipinda chomwecho.

Esnart Borrowdale: Ndangolowa kumene. Nanga njira ya simbi ija? Mnzanga wina amati umaika katoni kapena pepala la khaki pamwamba n'kusita, chingamu chimakakamira ku pepala

Ankolo Banda: Pa buluku la jinzi kapena nsalu ya thonje imagwira. Pa kapeti ndikukanizani. Makapeti ambiri otchipirako, kuphatikiza ma rug omwe amagulitsa m'ma shopu a m'tauni, ndi a polypropylene, ndi pulasitiki ameneyo, amasungunuka pa madigiri 160 kapena kuposera pang'ono pomwe simbi mukaiika pa cotton imafika cha m'ma 200. Masekondi ochepa pasanduka chikhakha chonyezimira chooneka mawonekedwe a simbi, ndipo palibe mankhwala ake. Chowumitsira tsitsi ndiye bolako chifukwa sichitentha choncho, ena amafewetsa nacho n'kumatola ndi jumbo, koma pa ulusi wautali chingamu chofewa chimangolowerera pansi.

Mai a Tadala: Komanso dziwani kapeti yomwe muli nayo. Nyumba za ku Borrowdale, Highlands ndi Chisipite zambiri muli ma rug a ubweya wa nkhosa, ena oluka pamanja okwera mtengo kuposa malipiro athu a chaka. Pa amenewa Jik asayandikire n'komwe, bleach amadya ubweya osati kungoyeretsa mtundu. Handy Andy ndi zina za ammonia ayinso. Tembenuzani pakona muwerenge kapepala kosokedwa kunsi, mukaona wool kapena silk chitani za ayisi zokha, zotsalazo muwauze eni ake aitane okha anthu otsuka makapeti.

Esnart Borrowdale: Zoona, madam a kwathu kuno amachita kunena kuti rug ya mu dining musaikhudze ndi madzi

Agogo Nachisale: Za madzizo muchenjere nazo pena paliponse. Nyumba zakalezi pansi pa kapeti pamakhala timatabwa tating'onoting'ono tondandalika, madzi akalowa timatukuka n'kumatuka. Pomaliza ingotengani kadontho ka Sunlight ya mbale mu kapu ya madzi ofunda, dindani ndi nsalu, kenako nsalu ina ya madzi okha kuchotsa sopo, kenako thaulo louma mupondepo ndi phazi limwe madzi. Sopo mukamusiya momwemo nayenso amakoka litsiro. Tsegulani mawindo paume, nthawi ya mvula kapeti yonyowa siichedwa kununkha chuku.

Chimwemwe: Nanga kungodula ndi sizasi?

Mai a Tadala: Pa shaggy ya ubweya wautali ija mutha kudula nsonga ziwiri zitatu zomwe zakaniratu, sizioneka. Pa kapeti yaifupi mukadula patsala kadazi ndipo madam aona tsiku lomwelo. Ka rug kakang'ono ka pakhomo kapena ka kubafa ndiye musavutike ndi ma ayisi, kapindeni chingamu chili kunja, ikani mu jumbo yaikulu, ponyani mu deep freezer maola awiri, mukatulutsa mungothyola ndi zala.

Gift wa car wash: Njira imeneyo ndi ya tsiku loti magetsi alipo Mai a Tadala kkkk

Esnart Borrowdale: Ankolo surgical spirit mumagula botolo la saizi yanji? Ndikufuna ndizisunga langa mu chikwama

Ankolo Banda: Kabotolo kakang'ono ka 50ml kapena 100ml kakwana, pharmacy iliyonse m'tauni ali nako. Mutseke bwino chifukwa amauluka, ndipo musasunge pafupi ndi mbaula ya gasi.