Gulu la Mbumba Yathu: maulendo a Tadala okaona makoleji

Mayi a Tadala (South Bend): Mwaswera bwanji nonse? Pepani ndakhala duu, ntchito ya usiku yandigwira pakhosi. Nkhani ija yapsa tsopano. Makoleji awiri amuitana Tadala kuti akaone malo mu Okutobala, imodzi ku Ohio, ina ku Illinois. Onse akuti akalowa m'timu yawo ya basketball amulipirira zonse, fizi, pogona, chakudya ndi mabuku. Kusaina ndi mu Novembala.

Malume (Lilongwe): Ambuye alemekezeke. Achemwali, pakufunika zingati kuti mwana ayende?

Chikondi (Indianapolis): Ababa, ulendowo amalipira ndi a koleji. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji kuno ku America, kuyambira 2023 amalola koleji kulipirira mwana ndi achibale awiri, kugona masiku awiri. Chovuta n'chakuti azakhali akajomba kuntchito salipidwa, ndiye Loweruka awiri otsatizana sangakwanitse.

Mayi a Tadala: Ndi zoona. Koma achimwene, pali china chimene chandisowetsa tulo. Lamlungu anandiimbira wothandizira kochi wa ku Ohio. Anayamba bwinobwino, akuti timu yawo ndi banja, makochi onse ali pabanja ndipo ali ndi ana, amapemphera limodzi asanalowe m'bwalo. Kenaka anatsitsa mawu, nkuti, mayi, kochi wa ku Illinois uja mwamufufuza? Mzimayi wamkulu wosakwatiwa, mukafunse amakhala ndi ndani, mukaonenso atsikana ake momwe amametera. Sanatchule kanthu poyera, koma ndinamva chimene amatanthauza.

Malume: Ndiye nkhani yatha kale. Munthuyo wakuchenjezani ngati kholo linzanu. Mwana apite ku Ohio, ku Illinois musataye nthawi. Ife tinamulera m'mapemphero.

Mayi aang'ono (Leeds): Achimwene dikirani kaye. Tisagamule mlandu tisanamve mbali inayo.

Chikondi: Ababa, mundikhululukire nditalikitsa. Zimene awauza azakhali si chenjezo la kholo ayi. Ndi njira yakalekale yolandirana osewera m'makoleji kuno. Kochi akaona kuti mnzake akumuposa, amaopseza makolo kuti uko kuli akazi okondana ndi akazi anzawo, zikhale zoona kapena zabodza. Mu 2011 magazini ya ESPN inafunsa atsikana oposa 50 amene anasewerapo kukoleji, ndipo oposa theka anati nkhaniyi imakhala ikuyenda pansipansi makochi akamawakopa. Mawu ake ndi omwewo, akuti ife ndi timu ya banja.

Chikondi: Kumene zimenezi zimakafika tinakuona ku yunivesite ya Penn State. Kochi Rene Portland anatsogolera timu ya atsikana kumeneko kuyambira 1980. Mu 1986 anauza nyuzipepala ya Chicago Sun-Times poyera kuti atsikana otere sawalola m'timu mwake, ndipo ankauza makolo zomwezo powakopa. Mu 2005 anachotsa mtsikana wina, Jennifer Harris, amene ankachinya bwino ndithu. Harris anakasuma, akunena kuti kochiyo ankamufunsafunsa za moyo wake ndi kumukakamiza kuti azivala mwachikazi. Mwiniwakeyo ananena kuti iye sali choncho n'komwe, anangoganiziridwa. Yunivesite itafufuza inapeza kuti Portland anamuchitiradi nkhanza, inamulipiritsa madola 10,000 mu 2006, ndipo mu 2007 anatula pansi udindo.

Chikondi: Ndiye ababa taganizani. Tadala ndi wamtali, amakonda kumeta, kabudula savula. Kochi amene amayeza atsikana ndi kametedwe, mawa akadzakwiya naye adzamunenera chiyani kwa makolo ena?

Mayi aang'ono: Apa ndiye wandikhudza pabala. Achimwene mukukumbukira ndili ku sekondale ndikusewera mpira wa miyendo ndi anyamata pabwalo la kwathu lija? Amayi ena kumadzi ankati mwana wa uje si mkazi weniweni. Ndinabisa nsapato zanga za mpira m'nkhokwe mpaka makoswe anadya zingwe, ndipo sindinakankhenso mpira. Palibe anabwera kudzandifunsa ine. Ndinalibe ngakhale chibwenzi cha mtundu uliwonse, ndinali mwana wokonda mpira basi. Lero tonse timanyadira Temwa Chawinga ku Kansas City, koma atsikana angati tinawasiyitsa ndi pakamwa?

Malume: Zimenezo ndikuzikumbukira, ndipo zinandiwawa. Koma chikhulupiriro changa pa nkhani ya amuna kapena akazi okhaokha sichinasinthe, musandikakamize.

Chikondi: Sindikukukakamizani ababa. Ndikungoti tione amene amapindula ndi miseche imeneyi. Lamulo la Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu kuno, litabwera mu 1972, matimu a atsikana oposa 90 pa 100 aliwonse ankaphunzitsidwa ndi amayi. Ndalama zitalowa m'masewero, chiwerengerocho chinatsika mpaka kuchepera theka. Zifukwa zilipo zingapo, koma chimodzi ndi chimenechi: mzimayi wosakwatiwa amanong'onezedwa, bambo sanong'onezedwa. Ndipo atsikana amene alidi otero amakhala mwamantha. Brittney Griner, katswiri wa basketball, anapambana chikho ndi yunivesite ya Baylor mu 2012, koma mu 2013 anaulula kuti kumeneko anauzidwa kuti asalankhule za moyo wake poyera kuopa kuti makolo asiya kutumiza ana.

Tadala: Amalume, ndingayankhuleko?

Malume: Yankhula mwana wanga, nkhaniyi ndi yako.

Tadala: Foni ija amayi anaika pa sipika, ndinamva zonse ndili kukhitchini. Bamboyo sananenepo ngakhale kamodzi kuti ndikasewera malo ati, kapena ngati unamwino ndingauphunzire uku ndikusewera. Kochi wa ku Illinois atandiimbira anali ataonera magemu anga, anandiuza kuti dzanja langa lamanzere ndi lofooka ndipo chaka choyamba mwina ndizikhala pabenchi. Za Ohio sanatchule n'komwe. Komanso amalume, m'timu yathu pano muli mnzanga amene ali ndi chibwenzi chachikazi. Amayi akakhala kuntchito, ndi iye amandisiya pakhomo tikaweruka, ngakhale kukugwa sinowo. Nditamva bamboyo akulankhula ndinaganiza za iyeyo ndipo ndinalira. Ine ndikadali Tadala yemwe uja, kutchalitchi sindinasiye.

Mayi a Tadala: Mtsikanayo ndimamudziwa, ndi waulemu. Nthawi ija Tadala anabinya bondo, anakhala naye kuchipatala mpaka ine nditafika.

Malume: Ndamva. Mtima wanga sunakhazikike kwenikweni, sindinama. Koma munthu wogulitsa malonda ake ponyoza a mnzake ndimamukayikira ngakhale mu msika wa Lizulu. Ndipo miseche nayo Baibulo limaikana. Pitani konse kuwiri, mukaone ndi maso. Ine pempho langa ndi limodzi: kulikonse mukafunse ngati mwana adzapeze mpata wopita kutchalitchi Lamlungu, ndi mpingo uli pafupi.

Chikondi: Limenelo ndi funso labwino, ndalilemba. Ndiwonjezera: sikolashipuyo ndi ya zaka zinayi kapena amaiwunika chaka ndi chaka, akavulala amatani naye, ndi atsikana angati anachoka m'timu zaka zitatu zapitazi ndipo chifukwa chiyani. Lomalizali ndi lofunika kwambiri. Kuyambira 2018 pali ndondomeko yoti wosewera wofuna kusamuka amalembetsa dzina, ndiye timu imene ana akuithawa siibisika. Tadala, ukapeze mpata ucheze ndi osewera paokha kochi palibe.

Mayi aang'ono: Nanga za bambo uja tingozisiya? Lero wanena kwa ife, mawa anena kwa mayi wina amene alibe Chikondi womufotokozera.

Mayi a Tadala: Ayi sindizisiya. Ku Ohio ndipita ine ndemwe. Ndikafunsa kochi wamkulu pamaso ngati zimene ananena wothandizira wake ndi zimene iye amatuma anthu ake. Akayankha mozemba, ndikalemba kalata kwa mkulu wa zamasewero pakolejipo.

Tadala: Amayi mukafunse ine ndili pomwepo. Ndikufuna ndikaone nkhope yake akamayankha.

Chikondi: Ndiye ku Illinois ndimperekeza ine. Azakhali, muwatumizire dzina langa kuti andiike ngati wachibale. Ndikwera basi kubwera ku South Bend Lachinayi madzulo kuti tinyamukire limodzi.

Mayi aang'ono: Ine ndibweza ndalama ya mashifiti amene achemwali ataye. Nditumiza mwezi ukatha. Tadala, nsapato zako zikadali bwino?

Tadala: Zatha kunsi mayi aang'ono, zikuterera.

Malume: Za nsapato ndi zanga, Chikondi andiuze njira yotumizira. Agogo ndikawafotokozera ndekha Loweruka ndikapita ku Dedza, asamve za m'maluwa. Mukabwerako konse kuwiri tidzaimbirane tonse mwana asanasaine chilichonse.

Chikondi: Lamlungu lomaliza la Okutobala, 8 koloko usiku ku Malawi, kuno 2 koloko masana. Azakhali a ku Leeds, tsiku limenelo kwanu mawotchi amabwerera m'mbuyo, ndiye kwa inu ikhala 6 koloko.

Mayi aang'ono: Ndalemba pakalendala.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Ndikutumizirani masiku enieni a ndege akanditumizira matikiti. Ndathamangira kuntchito.