Mlongo wanga akumwa methadone koma nyaope sanaisiye, nditani?

Abale anga a muno mu Harare, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga ali ku Pretoria, adalowerera pa nyaope (mankhwala osokoneza bongo osuta okhala ndi heroin), ndipo achipatala adamuyambitsa methadone, amene amamwa tsiku lililonse kuti chibaba cha heroin chichepe. Koma mnzake wokhala naye wandiuza kuti akusutabe mwa apo ndi apo, mowanso akumwa. Chikundisowetsa tulo n'chakuti kuphatikiza zimenezi ndi methadone kumafooketsa kupuma mpaka munthu kufera m'tulo.

Kodi n'kutheka kuti mlingo wa mankhwalawo ukumuchepera? Amayi ku Mbare akuti angobwera kunyumba, koma ine ndikuopa kuti akasiya methadone mwadzidzidzi adzavutika kwambiri, komanso kuno mankhwala ena osokoneza bongo monga mutoriro (crystal meth) ndi BronCleer (mankhwala a chifuwa amene anthu amaledzera nawo) sasowa. Alipo amene m'bale wake adadutsa momwemu? Ndimuyankhule bwanji kuti asanditseke pa foni?